Katapila Woiwala Kudzatenga Zake

Ndili ndi mlandu ndi anthu amene amalemba malamulo a masewero a patebulo onga Dungeons & Dragons. Kwa amene simunawaonepo: anthu anayi kapena asanu amazungulira tebulo, mmodzi n'kumakamba nthano, enawo aliyense n'kukhala munthu mmodzi wa m'nthanomo, ndipo madayisi ndiwo amagamula ngati chimene wayesa chatheka. Munthu aliyense ali ndi kalasi yake: wankhondo, mbala, wansembe, wamatsenga. Mlandu wanga uli pa wamatsengayu. Olembawa amulera ngati mwana wa kwa agogo, wodya osagwira khasu.

Taonani malamulo a mu 2014 a kampani ya Wizards of the Coast. Wizard wongoyamba kumene ali ndi mipata iwiri ya matsenga, ndipo akafika levulo 20 amakhala nayo 22. Akaponya tsenga, mpata umodzi watha. Akapuma maola 8, yonse yabwerera. Ameneyu ndi mlenje wa mfuti yodzilonga yokha zipolopolo usiku. Tsenga lotchuka la Fireball, la madayisi 8 a mbali 6, bukulo limati limafuna ndowe za mleme ndi sulufule. Buku lomwelo limatembenuka n'kunena kuti wokhala ndi kathumba ka zipangizo kapena ndodo ya matsenga asavutike kuzifunafuna. Chinthu chokhacho chimene chikanamulowetsa m'phanga la mileme, n'kubala nkhani ya madzulo onse, achifafaniza ndi mzere umodzi.

Kale sizinali chonchi kwenikweni. Pamene Gary Gygax ndi Dave Arneson ankatulutsa masewerowa mu 1974, makalasi analipo atatu okha, ndipo nzeru ya matsenga anaibwereka kwa Jack Vance, mlembi wa The Dying Earth ya mu 1950, mmene tsenga limafufutika m'mutu ukangoliponya. Wamatsenga woyamba uja anali ndi tsenga limodzi patsiku, thupi lofooka loti mkondo umodzi n'kumugoneka. Mtengo unalipo, ngakhale unali wokhadzula. Sindikulira kuti kufooka kuja kunachotsedwa. Chondiwawa n'chakuti pamalo pake sanaikepo kanthu, anangowonjezera timatsenga ting'onoting'ono toponya tsiku lonse osatha.

Wondikwiyitsa kwambiri ndi warlock. Ameneyu amati anapangana ndi chiwanda kapena mzimu wina woopsa kuti apeze mphamvu. Tsegulani tsamba lake: mupeza mndandanda wa zimene amalandira pa levulo iliyonse, koma lamulo la zimene amabweza mulibe. Ndani anaonapo katapila woiwala kudzatenga zake? Pangano lotere ndi chovala chabe. Ndiye wizard waphunzira m'mabuku, sorcerer wabadwa nazo, warlock wakongola, cleric wapemphera, koma patebulo onse akuchita chimodzi, kuwerenga mipata n'kudikira nthawi yopuma.

Ife amene tinakulira m'nkhani za mankhwala, kaya timazikhulupirira kaya ayi, tikudziwa chimene chikusowa. Palibe nkhani ya sing'anga yopanda choletsa. Upite osacheuka. Usadye chakuti. Usauze munthu, ngakhale mkazi wako. Ndipo nkhaniyo siikhala pa mphamvu ya mankhwalawo, imakhala pa tsiku limene munthuyo anacheuka. Masewero a Nyambe, amene kampani ya Atlas Games inatulutsa mu 2002, anatenga mawu akuti n'anga ndi mchawi kukhala maina a makalasi. Khutu lathu limawamva msanga mawuwa, poti n'anga ya Chishona ndi mbale wa sing'anga wathu. Ndikuwayamika poyang'ana ku Africa panthawi imene ambiri sankatero. Koma nyumbayo inamangidwa pa maziko a malamulo a d20, ndipo kuwerenga mipata kuja kunalowa nawo. Dzina n'losavuta kubwereka.

Ndikudziwa chimene mundiyankhe. Mukuti anthu amabwera patebulo kudzasangalala, osati kudzalangidwa, ndiponso kuti wokamba nthano angathe kuyikamo ngongoleyo yekha. Zoona angathe. Nanga bwanji za nkhondo simunamusiyire? Kumenya, kuzemba, kugwa, kufa, zonsezi zili ndi masamba awo, manambala ake osamalidwa bwino. Chimene mlembi amachilemekeza amachilembera lamulo. Chimene wachisiyira wokamba nthano chimadalira kuti tsikulo wadzuka bwanji, ndipo akachita zolanda mphamvu za warlock popanda lamulo lomuikira kumbuyo, wosewerayo amaona ngati amuchitira nkhanza dala.

Komanso ena anayesa kale ndipo tebulo silinagwe. Mu Call of Cthulhu ya mu 1981, matsenga ambiri amakudya nzeru mpaka misala. Mu Dungeon Crawl Classics ya mu 2012, wamatsenga angathe kuwotcha mphamvu za thupi lake kuti tsenga likule, ndipo dayisi ikagwa moipa thupilo limapunduka. Koma ondigwira mtima ndi Dark Sun ya mu 1991. M'dziko limenelo matsenga amayamwa moyo wa zomera. Wofuna njira yachidule amasandutsa udzu womuzungulira phulusa, wosamala amakula pang'onopang'ono. Aliyense amene anaonapo chimanga chikufota mu Febuluwale safunika kumufotokozera kulemera kwa lamulo limeneli. Mwadzidzidzi funso lakuti tikumenyera pati, pathanthwe kapena m'munda mwa munthu, lasanduka lalikulu kuposa lakuti ndatsala ndi mipata ingati.

Pano ndiyike chenjezo, chifukwa wina amva theka. Sindikuitana kalasi ya mfiti yofuna ziwalo za anthu, kapena ya nkhalamba youluka pa lichero. Kwathu nkhalamba zaphedwapo chifukwa cha kulozedwa chala, ngakhale lamulo la ku Malawi la mu 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndipo anthu achialubino afera zizimba. Zimenezo si zokometsera masewero. Ngongole imene ndikunena igwere woponyayo, ndipo aidziwe asanaponye.

Nayi kalasi imene ndingalembe ndekha: woitana mvula. Alibe mipata, angathe kuitana tsiku lililonse. Koma mvula imene waigwetsa pano yachoka kwina, ndipo wokamba nthano amalemba dzina la mudzi umene waumanidwa. Akaitana koyamba, mudziwo ungodandaula. Kachiwiri, zitsime zake ziphwa. Kachitatu, nthumwi za mfumu ya kumeneko zifika pamene gulu lagona, zitanyamula mphale youma, n'kufunsa kuti woitanayo ndi uti mwa inu.