Galimoto zoyamba zampikisano zidaphunzitsa kuti kuthamanga sikufika

Anthu akamakamba za mpikisano wa galimoto, ambiri amaganiza za timagalimoto ta Formula One, tampando umodzi, tomwe sitinganyamule ngakhale thumba limodzi la chimanga. Koma galimoto yomwe imapititsa mayi wodwala kuchipatala kapena tomato kumsika idachokera kumipikisano ina, ya galimoto za apaulendo zomwe zinkayesedwa m'misewu wamba. Izi ndizo ziyenera kupatsidwa ulemu waukulu m'mbiri ya galimoto.

Pa 22 July 1894, nyuzipepala ya Le Petit Journal idakonza mpikisano wochoka mumzinda wa Paris kupita ku Rouen m'dziko la France, mtunda wa makilomita pafupifupi 126. Galimoto 21 ndizo zidanyamuka. Yemwe adayamba kufika ndi Jules-Albert de Dion, koma mphoto yoyamba sadaione. Galimoto yake inkayendera nthunzi ndipo pamafunika munthu wina wosonkhezera moto, pomwe okonza mpikisanowo ankafuna galimoto yosaopsa, yosavuta kuyendetsa komanso yosaboola m'thumba. Mphotoyo adagawana ndi makampani a Peugeot ndi Panhard et Levassor, omwe galimoto zawo zinkayendera petulo.

Chaka chotsatira, mu 1895, zidachitikanso zofanana. Émile Levassor adayenda makilomita 1,178, kuchoka ku Paris kukafika ku Bordeaux n'kubwerera, m'maola osakwana 49. Adasiya anzake kutali, koma galimoto yake idali ya mipando iwiri pomwe malamulo ankafuna mipando inayi. Mphoto idapita kwa Paul Koechlin yemwe ankayendetsa Peugeot.

Ena anganene kuti kumeneku kudali kubera munthu. Koma oweruzawo ankayankha funso lomwe bambo aliyense amafunsa asanatulutse ndalama zake: kodi galimotoyi inyamula banja langa n'kukafika? Nthawi imeneyo anthu ankakhulupirira ngolo ya akavalo ndi sitima yapamtunda, ndipo galimoto ankaiona ngati chidole cha anthu olemera. Mipikisanoyi ndiyo idawatsimikizira kuti makinawa angathe kuyenda usana ndi usiku.

Mumpikisano womwewo wa 1895, André ndi Édouard Michelin, pachibale pawo, adayesa matayala opopa mpweya pomwe anzawo ankadalira matayala achitsulo kapena a labala yolimba. Matayalawo adaphulika kambirimbiri m'njira, koma lero minibasi ndi lole iliyonse ikuyendera nzeru yomweyo.

Zinthu zidasokonekera liwiro litayamba kulamulira. Pofika mu 1903, makampani ankapanga galimoto za injini zikuluzikulu koma mabuleki ofooka. Pampikisano wochoka ku Paris kupita ku Madrid m'chakacho, wotsogola ankathamanga makilomita oposa 100 pa ola m'misewu yafumbi yodzaza ndi anthu oonerera. Madalaivala, amakaniko ndi oonerera angapo adafa, kuphatikizapo Marcel Renault, mmodzi mwa omwe adayambitsa kampani ya Renault. Boma la France lidaletsa mpikisanowo utangofika ku Bordeaux.

Komabe nzeru yoyesa kulimba siidafe. Mu 1907, galimoto zisanu zidanyamuka ku Peking m'dziko la China kulowera ku Paris, kudutsa m'chipululu cha Gobi ndi ku Siberia komwe kudalibe misewu yeniyeni. Scipione Borghese wa ku Italy adafika patatha miyezi iwiri pagalimoto ya Itala. Nawo mpikisano wa maola 24 wa ku Le Mans udayamba mu 1923 ngati mayeso a galimoto zomwe munthu akadatha kugula, zokhala ndi mipando ya apaulendo komanso nyali zoyendera usiku. Ndi komweko komwe Jaguar idapambana mu 1953 ndi mabuleki a disiki, omwe lero ali pagalimoto zambiri.

M'chaka chomwecho cha 1953, mpikisano wa Safari udayamba m'misewu yamatope ya Kenya, Uganda ndi Tanganyika. Peugeot 404 idapambana mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968. Achikulire omwe adakwerapo 404 kapena 504 m'misewu ya ku Malawi akudziwa chifukwa chake galimotozi zinkakondedwa. Zidali zopirira.

Apa pali phunziro kwa wogula galimoto ndi kwa woyendetsa yemwe. Wogula aziyamba wafunsa za mabuleki, matayala ndi kapezekedwe ka zipangizo asanasirire utoto. Ndipo dalaivala wa minibasi yemwe amapikisana ndi mnzake kuti akayambe kutola anthu pasiteji yakutsogolo azikumbukira za 1903. Ngakhale eni ake a mipikisano adavomereza kuti liwiro lotere malo ake si msewu wodutsa anthu. Akuluakulu adati kuthamanga sikufika, ndipo oweruza a mu 1894 adapereka mphoto yawo mogwirizana ndi mawu amenewa.