Bulu sasanza

Nyengo yotuta chimanga ndi kachewere ikafika, bulu ndiye amasenza mudzi. Ku Angónia, Tsangano ndi Macanga ngolo zimayenda kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kulowa, ndipo banja limene bulu wake wafa mwezi wa Juni limabwerera kosenza matumba pamutu, kapena kulipira ngolo ya eni. Imfa yotere ikagwa, anthu amathamangira kunena kuti pali wina wanjiru. Komatu nthawi zambiri chiphe chimakhala chachokera m'nkhokwe kapena m'botolo la mwini bulu yemweyo.

Bulu ndi mbale wake kavalo sasanza. Galu akadya choipa amachibweza, koma khomo la chifu cha bulu limalola chakudya kulowa kokha, osabwerera. Tsono kumumwetsa madzi a mchere kapena a sopo kuti asanze n'kutaya nthawi. Choopsa koposa ndi kumukweza mutu n'kumuthira mafuta kukamwa ndi botolo, pakuti mafutawo akalowera m'mapapo, bulu amene akanapulumuka ku chiphe amafa ndi chibayo.

Chiphe chimene alimi sachiganizira n'komwe ndi chimanga cha chuku. Posankha chimanga choika m'nkhokwe, zisononkho zowola zimaponyedwa pambali, ndipo mawu amamveka akuti, "Izi n'za ziweto." Chuku china chimene chimagwira chimanga chikadali kumunda chimatulutsa chiphe chotchedwa fumonisin. Mu 1971 akatswiri anadyetsa abulu chuku chochokera m'chimanga cha ku Egypt, ndipo abuluwo anadwala nthenda ya ubongo imene inali kupha abulu ndi akavalo kumeneko. Chiphe chenichenicho chinadziwika mu 1988 ku South Africa. Ng'ombe imapirira nacho ndithu, koma kwa bulu ndi kavalo chimasungunula ubongo mpaka mbali ina kusanduka ngati phala.

Vuto lake n'lakuti nthendayi siyamba tsiku lomwelo. Bulu amadya chimangacho sabata imodzi, ziwiri, ngakhale kupitirira, akukoka ngolo bwinobwino. Kenaka m'mawa wina amapezeka akuzungulirazungulira m'khola, akuwomba mitengo ngati wakhungu, mlomo uli lende, kapena ataima mutu atautsamiritsa kukhoma. Pofika apa ambiri satha masiku atatu, ndipo mankhwala ochotsa chiphechi kulibe. Chimene dotolo wa ziweto angathe ndi kuchepetsa kutupa kwa ubongo, kumupatsa madzi m'thupi, ndi kupulumutsa abulu otsala powachotsera chakudyacho. N'chifukwa chake dotolo wodziwa ntchito akafika pakhola amapempha kuona thumba limene bulu wakhala akudyamo. Maso a chimanga osweka, zotsalira popeta ndi gaga wa chimanga chodwala ndi momwe chiphe chimachuluka, ndipo chimanga china chimaoneka choyera koma chiphe chilimo.

Apa pali chenjezo lina. Bulu wochita zachilendo ndi wotuluka dovu angakhalenso ndi chiwewe. Munthu asapise dzanja m'kamwa mwake pofuna kuona ngati watsamwa, ndipo ana asayandikire.

Chachiwiri ndi dipi. Mankhwala ambiri ophera nkhupakupa pa ng'ombe ali ndi amitraz. Pa ng'ombe amagwira ntchito bwino, ndiye mlimi akatsala ndi madzi pang'ono m'mpope amati apoperenso bulu. Chifundo chimenechi chapha abulu ndi akavalo m'maiko ambiri. Amitraz amaimitsa matumbo a bulu. Pakapita tsiku limodzi kapena kucheperapo, bulu amaodzera ataima, amadzandira ngati woledzera, ndowe zimasiya kutuluka kapena zimatuluka zouma gwa, mimba n'kuyamba kutupa. Dotolo akaika khutu kapena chida chake pamimba samva kulira kwa matumbo. Mwini wake angathandize posambitsa bulu msanga ndi madzi ozizira ambiri ndi sopo. Zotsala n'za dotolo: amalowetsa paipi yofewa m'mphuno mpaka m'chifu, n'kuthiramo madzi ndi mafuta ofewetsa ndowe, nthawi zina ndi diripi. Bulu wothandizidwa msanga amachira, ngakhale kuti matumbo angatenge masiku angapo asanayambirenso.

Mankhwala ena opopera mbewu, ena a anankafumbwe ndi a makoswe amene ambiri amati tameki amaonetsa zosiyana kotheratu. Bulu wa amitraz amakhala wouma ndi wachete. Uyu amakhala wonyowa paliponse: dovu, misozi, thukuta, kutsekula m'mimba, minofu ikunjenjemera, akupuma movutika, ndipo kadontho kakuda ka m'diso kamachepa ngati kanjere. Zimayamba msanga, ola limodzi kapena awiri atamwa madzi a pachithaphwi pamene munthu anatsukira mpope, kapena atanyambita thumba. Apa jakisoni wa atropine amapulumutsa moyo, ndipo dotolo amawonjezera makala a mankhwala kudzera m'paipi ija kuti amwe chiphe chotsala m'matumbo. Makala ake ndi okonzedwa mwapadera, si a pambaula ayi. Koma atropine yemweyo amachedwetsa matumbo, choncho kwa bulu wa amitraz amangowonjezera vuto. Ichi ndicho chifukwa botolo kapena pepala la mankhwala liyenera kupita nawo kwa dotolo. Mlimi wobisa botolo chifukwa cha manyazi amasokoneza womuthandiza.

Zina ziwiri n'zofunika kuzitchula. Njere za nsatsi zikasakanikirana ndi chakudya n'kutafunidwa zimawotcha matumbo, ndipo kavalo ali m'gulu la ziweto zosachedwa kufa nazo. Chakudya chogula cha nkhuku za nyama nthawi zina chimakhala ndi monensin, amene amateteza anapiye koma amaononga mtima wa kavalo: galamu imodzi yokha ikhoza kugwetsa kavalo wa makilogalamu 400, ndipo wopulumuka angatsale ndi mtima wofooka wosayeneranso ngolo.

Madotolo a ziweto m'madera ano ndi ochepa ndipo misewu ndi yaitali. Wopita kapena woimba foni ku ofesi ya SDAE ya m'boma lake akonzeretu mayankho: bulu wadya chiyani masabata atatu apitawa, wapoperedwa liti ndipo ndi chiyani, anamwa kuti, ndowe anatulutsa liti komaliza, nanga ziweto zina zili bwanji. Podikira, bulu aikidwe pamthunzi, pamalo opanda miyala ndi zitsa, madzi oyera ali pafupi. Akafa dotolo asanafike, asang'ambidwe ndi anthu wamba. Dotolo akamaliza kuyeza, mtembo ukwiriridwe m'dzenje lakuya kutali ndi chitsime, poti agalu ofukula angafe ndi chiphe chomwecho.