Woyamba kulima m'nyumba agule nyale yoyera, asiye yapepo

Amalawi ambiri okhala ku Britain atopa nako kusowa ndiwo zakwathu, ndipo ena ayamba kufesa mpiru, repu ndi bonongwe m'zitini za pawindo. M'miyezi yotentha ya kumeneko zimatheka ndithu. Koma December akafika, ku London dzuwa limatuluka cha m'ma 8 koloko n'kulowa 4 koloko isanakwane, usana osafika maola 8. Ku Glasgow ndi pafupifupi maola 7, ndipo dzuwalo limangodutsa m'munsi, kawirikawiri kuseri kwa mitambo. Mbande zimamera bwinobwino, kenako zimatalika mopyapyala, kupendekera kuwindo, n'kugwa. Apa munthu amatenga foni kufunafuna nyale zolimira m'nyumba, ndipo zoyamba kumuchingamira ndi zija zowala mwa pepo, pabokosi atalembapo 1000W kapena 2000W, mtengo wake wotsika modabwitsa. Ndikuti woyamba kumene azilambalale zimenezo. Agule nyale yoyera ya LED yodziwika mawati ake enieni, nzeru zake azithere pa mtunda woipachikira ndi maola oiyatsira.

Chimene chimasokoneza ambiri ndi diso lawo lomwe. Chipinda chowala bwino, choti munthu n'kuwerengeramo nyuzipepala mosavuta, chimakhala ndi kuwala kwa ma lux 300 mpaka 500, pamene dzuwa la masana panja limafika pafupifupi 100,000. Diso limazolowera kusiyana konseko osadandaula, koma tsamba silizolowera, chifukwa kwa ilo kuwala ndiko mphamvu yopangira chakudya kuchokera ku madzi ndi mpweya. Aliyense amene anakulira kumudzi akudziwa chimanga cha pansi pa mtengo wa mango: feteleza yemweyo, mvula yomweyo, koma phesi lowonda, masamba otuwa, chisononkho chosaoneka. Mbande ya pawindo la ku Glasgow ikudwala matenda omwewo, ndipo kuithira manyowa ambiri kapena madzi n'kungoifulumizitsa kufa. Ngakhale malumeni olembedwa pa mababu a m'sitolo anapimidwa motsatira diso la munthu, lomwe limamva kwambiri kuwala kobiriwira. Tsamba limagwiritsa ntchito kuwala konse kwa pakati pa mananomita 400 ndi 700, ndipo muyeso wake woyenera ndi umene opanga nyale oona mtima amalemba kuti PPFD. Pa muyeso umenewu dzuwa la masana limafika cha m'ma 2,000, pamene ndiwo zamasamba zimakula bwino ndi cha m'ma 200 zikamaulandira kwa maola ambiri. Wogulitsa amene sakutchula nambala imeneyi, ndiponso mtunda umene anaipimira, sanakuuzeni chimene mukugula.

Nambala ya 1000W ija nthawi zambiri siyonena za magetsi amene nyaleyo imadya. Mukawerenga timalemba ta m'munsi mupeza kuti imakoka mawati 100 kapena kucheperapo, ndipo nambala yaikuluyo ndi yongoyerekeza ndi nyale zina zakale. Nyale yoyamba ndi bodza pabokosi n'njovuta kuikhulupirira pa mawaya ake, makamaka poti idzakhala pafupi ndi madzi othirira tsiku lililonse. Komanso woyamba kumene safunika mphamvu yotere. Kashelefu ka masentimita 60 m'litali ndi 30 m'lifupi, kokwana zitini zingapo za mpiru, kamakhuta ndi timachubu ta LED ta mawati 20 mpaka 30 onse pamodzi, bola tikhale pafupi, masentimita 15 mpaka 30 pamwamba pa masamba. Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Babu laling'ono mukalitalikitsa kawiri, kuwala kofika patsamba kumatsika kufika pa gawo limodzi mwa magawo anayi. Choncho nyale yodula yopachikidwa kudenga imagonja kwa yotchipa yolendewera pa kachingwe pamwamba penipeni pa mbande, yomakwezedwa pang'onopang'ono mbewu zikamakula. Ikani kuseri kwa dzanja pamene pali masamba. Mukamva kutentha kosautsa, kwezani nyaleyo pang'ono.

Okonda nyale zapepo ali ndi mfundo yomveka, ndipo siyoyenera kuinyoza. Chobiriwiritsa masamba chimayamwa kwambiri kuwala kofiira ndi kwa buluu, ndipo mitundu iwiriyi ikasakanikirana ndiyo imaoneka yapepo. Amatchulanso za NASA, yomwe inakweza kamunda kotchedwa Veggie ku siteshoni ya mumlengalenga mu 2014, ndipo mu August 2015 akatswiri a kumeneko anadya letesi wolimidwa pansi pa kuwala kotere. Zonsezi n'zoona. Koma kamunda komweko anakaikiranso tinyale tobiriwira kuti anthu aziona masamba mmene alili. Ndipo kale mu 1972, wasayansi Keith McCree anapima mbewu zosiyanasiyana n'kuonetsa kuti kuwala kobiriwira nakonso kumagwira ntchito yaikulu, kusiyana ndi mmene ambiri ankaganizira. Kumalowa mkati mwa tsamba ndi kufika pa masamba a m'munsi. Chachikulu kwa ine n'chakuti wophunzira ulimi amaphunzira ndi maso. Pansi pa nyale yapepo tsamba lathanzi ndi lodwala onse amaoneka akuda. Chikasu choyamba m'mphepete simuchiona, nsabwe zobisala kunsi kwa tsamba simuziona, chuku cha pamwamba pa dothi lonyowa kwambiri simuchiona, mpaka zinthu zitafika poipa. Kampani yolima mahekitala ambiri m'nyumba zagalasi ku Netherlands ili ndi chifukwa chowerengera kagawo kalikonse ka magetsi, ndipo ili ndi akatswiri oyendera mbewu. Mayi wa zitini zisanu m'chipinda chochezera, momwe ana akulemberamo homuweki, phindu la kagawo kameneko silingalipire maso ake. Nyale yoyera inachokera ku LED ya buluu imene Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura analandirira mphoto ya Nobel mu 2014, ndipo lero imapangidwa yambirimbiri mwakuti ndi yotchipa komanso yosadya magetsi. Yolembedwa 4000K mpaka 6500K ndi yokwanira.

Ena amati zonsezi n'kutaya ndalama, bwanji osangogula ndiwo kusitolo. Tiwerengere. Nyale ya mawati 25 yoyaka maola 14 patsiku imadya mayunitsi 10.5 pamwezi. Ngati cholinga ndi kabichi kapena kaloti, otsutsawa akunena zoona, sitolo ipambana. Nyale imapindula pa ndiwo zimene sitolo ya kumeneko ilibe, ndi pofesa mbande msanga kuti zidzawokeredwe panja kukafunda. Tomato ndi tsabola zidikire kaye, chifukwa kuti zibereke zimafuna kuwala kochuluka mwina kawiri, ndipo bilu imakwera nako. Bonongwe naye ndi wokonda dzuwa lamphamvu ndi kutentha, choncho apatsidwe malo apakati penipeni pa nyale. Kuyatsa usiku wonse pofuna kuthamangitsa mbewu n'kulakwitsa. Maola 14 mpaka 16 akwana, ndipo ka timer kotchipa ka pa soketi kamasunga nthawi kuposa munthu wogwira ntchito ya mashifiti. Mababu akale a kawaya kofiira aja asayesedwe n'komwe, poti pafupifupi magawo 90 mwa 100 a magetsi ake amasanduka kutentha.

Malonda omwewa afika pa Facebook ndi WhatsApp kuno kwathu, ndipo apa yankho langa n'lalifupi. Ku Lilongwe usana sutsika pa maola 11 ngakhale mu June. Amene ali ndi khonde, kaya ku Kawale kaya ku Ndirande, adzaze dothi ndi manyowa m'thumba, aliike pamene dzuwa limawomba maola 6 kapena kuposerapo, afese. Kugula mayunitsi a ESCOM, magetsi ake ozimazima, kuti muyerekeze dzuwa limene likuwala panja paulere, si chitukuko. Nyale ndi ya amene dzuwa lamutalikira, ndipo iyeyo asanalipire afunse wogulitsa mawati enieni ndi PPFD. Akazemba funsolo, musagule.