Mbale ya Nsima Si Malipiro

Aliyense amene anafikapo pa Nthalire tsiku la msika, kumwera kwa boma la Chitipa kufupi ndi mapiri a Nyika, anamuonapo munthu uyu ngakhale sadziwa dzina lake. Ndiye amatsitsa matumba a chimanga m'galimoto ndi kutungira madzi ogulitsa zakudya, ndipo masiku ena onse amaweta ng'ombe za eni ake. Sayang'ana munthu m'maso, amachedwa kuyankha, mwinanso amabwereza mawu amodzimodzi. Dzuwa likalowa anzake amalandira ndalama, koma iye amalandira mbale ya nsima ndi dzina loti "wopepera". Khalidwe limeneli ndi kuba, ndipo amene amalichita ayenera kuuzidwa poyera.

Madokotala anafotokoza kale kuti pali anthu amene ubongo wawo umagwira ntchito mosiyana ndi wa anthu ambiri. Ena ali ndi otizimu, ena amavutika kuwerenga zilembo ngakhale nzeru ali nazo, ena sangathe kukhazika maganizo pa chinthu chimodzi nthawi yaitali, ndipo ena amaphunzira pang'onopang'ono. Umenewu si ufiti, si ulesi, ndiponso si kuti makolo anakhwimira mwana pofuna chuma, monga amanenera anthu amiseche. Anthu oterewa akumbukire kuti lamulo la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti.

Pali akuluakulu ena, ophunzira ndithu, amene amati anthu ameneŵa sangagwire ntchito. Kodi munthu amene amatulutsa ng'ombe m'khola m'mamawa, n'kuzibweza zonse madzulo popanda yosowa, ndiye sangagwire ntchito? Mphamvu zake amaziona pamene akumutuma, koma pofika nthawi yolipira maso awo amachita khungu. Ena amati kumpatsa ndalama n'kutaya chifukwa sadziwa kuwerengera. Ngati ndi choncho, alipidwe pamaso pa mboni imene iye mwini waisankha, kapena athandizidwe kusunga ndalamazo m'dzina lake. Kusadziwa masamu kwa wantchito sikusandutsa malipiro ake kukhala a bwana. Enanso amati Boma lingowalemba pa Mtukula Pakhomo. Thandizo limenelo ndi la mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wamphamvu zogwira ntchito, pamene anthu ameneŵa mphamvu ali nazo ndipo chimene akusowa ndi malipiro.

Dziko lino silinakhale chete pa nkhaniyi. Mu 1971 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo limene linabala bungwe la MACOHA, lomwe linatsegula fakitale yowomba nsalu ku Bangwe ndi sukulu ya ntchito zamanja ku Magomero, m'boma la Chiradzulu. Gawo 20 la Malamulo Aakulu a 1994 limaletsa tsankho chifukwa cha ulumali, ndipo lamulo la zantchito la 2000 limaletsa tsankho lomwelo polemba ndi pochotsa ntchito. Mu 2009 Malawi anavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, mu 2012 kunabwera lamulo la zaulumali, ndipo mu 2024 kunabwera lamulo latsopano limene linasintha MACOHA kukhala MACODA. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse a zaka 5 kupita m'tsogolo, oposa 10 ali ndi ulumali. Tsono malamulo alipo, anthu ake alipo; chosowa ndi wogwira ntchito m'Boma amene angawatsate ngakhale ali kutali ndi Lilongwe.

Lamulo limafera pa tebulo la mafunso olembera anthu ntchito. Mnyamata wa ku Nthalire, wolankhula Chitumbuka, amaimikidwa pamaso pa mabwana n'kufunsidwa m'Chingerezi mothamanga, chonsecho ntchito yake ndi yosamalira nazale ya mitengo. Akachita mantha n'kukhala chete, amalembedwa kuti walephera. Kodi pamenepo ayesa ntchito kapena ayesa pakamwa? Wofuna kudziwa ngati munthu angathe kufesa mbewu m'machubu ampatse machubuwo kwa sabata imodzi, aone ndi maso.

Kupeza ntchito ndi chiyambi chabe, chovuta ndi kukhalitsapo. Kapitawo wanzeru amapereka malangizo amodzi pa nthawi imodzi, amaonetsa ndi manja m'malo mokuwa, amauza wantchitoyo zisanachitike ngati ndondomeko isintha, ndipo samuika pafupi ndi phokoso la chigayo ngati phokoso limamusautsa. Amasankhanso munthu mmodzi woleza mtima woti azigwira naye, ndi kuletsa anzake kumuseka. Zonsezi sizifuna thambala ya Boma. Ambiri mwa anthu a otizimu amakonda ntchito ya ndondomeko yokhazikika ndipo amaona tolakwika timene ena saona, kotero pa kusankha nyemba, kusamalira ming'oma ya njuchi kapena kulongedza katundu m'sitolo, mwini ntchito ndiye amapindula.

Magomero ali kutali kwambiri ndi Nthalire, ndipo si mayi aliyense angatumize mwana wake wotere ulendo wa masiku. Koma pa Nthalire pomwepo pali akalipentala, atelala ndi amisiri omanga nyumba. TEVETA, imene inakhazikitsidwa mu 1999, ili ndi udindo wa maphunziro a ntchito zamanja. Akuluakulu a khonsolo apite kukaipempha kuti iphunzitse achinyamata ameneŵa kudzera mwa amisiri a komweko.

Atsogoleri a Chipani m'nthambi ndi m'madera, pamodzi ndi mafumu a kwa Nthalire, amadziwa khomo lililonse. Polemba maina a ogwira ntchito zachitukuko zolipidwa asalumphe nyumba ya mayi amene mwana wake amatchedwa chitsiru. Makolo anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Sanati uzimudyera masuku pamutu. Mtsogoleri amene amalalikira chitukuko pa msonkhano, kwinaku ali ndi mbusa wosalipidwa kukhola kwake, akunyozetsa Chipani ndi Boma. Ayambe wamulipira mbusayo mwezi uno, kenako abwere adzaime pa nsanja.