Chikalata cha Zofuna za Okwera Sitima pa Nkhani ya Mabogi Okalamba

Kupita kwa: Olemekezeka Nduna Yoona za Mtengatenga
Kudzera kwa: Bwanamkubwa wa boma la Balaka
Kope lina: Komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona za mtengatenga

Olemekezeka a Nduna,

Ife amene tasayina m'munsimu ndife okwera sitima ya pamtunda yochoka ku Limbe, yodzera ku Blantyre, Lirangwe, Utale ndi Nkaya mpaka ku Balaka, komanso yokhotera ku Liwonde kukathera ku Nayuchi. Pakati pathu pali alimi, amayi a geni ya matemba ndi mpunga, aphunzitsi, makolo otumiza ana kusukulu, ndi madala ena amene anagwirako ntchito ku Malawi Railways. Tabwera ndi nkhani ya mabogi amene timakwera.

Sitikukana kuti bogi limakalamba. Anzathu amene anathera unyamata wawo kumashopu okonzera sitima ku Limbe amatifotokozera kuti chimene chimapha bogi sichioneka ndi maso a wokwera. Dzimbiri limayambira pansi, makamaka pozungulira chimbudzi ndi pamakomo pamene madzi amakhazikika. Mawilo amaperepeseka ndipo amasulidwa kangapo mpaka chitsulo chosula chitatha. Mabuleki amafooka, zolumikizira bogi ndi linzake zimakhwepa, kenako zipangizo zosinthira zimasowa chifukwa amene ankazipanga anasiya kalekale. Likafika pamenepo, kulipaka penti n'kudzinamiza. Ife ndi amene timakhalamo ndi ana athu, ndiye sitingapemphe kuti bogi lotopa lizingokokedwa mpaka litatigwetsera mumtsinje. Lokalamba lipume.

Mantha athu ali pa zimene zimatsatira. M'dziko muno sitima ya anthu ikangoima, ngakhale atanena kuti yaima kwa kanthawi, kuti ibwererenso ndi nkhondo. Mu 1997 madzi anakokolola njanji cha ku Chiromo, ndipo anthu a ku Bangula, Tengani ndi Nsanje anataya sitima yawo yopita ku Blantyre. Mwana wobadwa chaka chimenecho lero ali ndi banja lake, koma sanakwerepo sitima kuchoka kwawo kupita ku Limbe. Chonsecho kumeneko ndi kumene njanji ya dziko lino inayambira: mzere wochoka ku Port Herald, kumene lero ndi Nsanje, unafika ku Blantyre mu 1908. Pambuyo pa 1997 sitima inkathera pa Makhanga, kenako nakonso madzi anaononga njanji ndipo inaleka kufikako. Kumtunda nkhani ndi yomweyo. Njanji inafika ku Salima mu 1935, ku Lilongwe mu 1979, ku Mchinji mu 1980, ndipo mu 2010 inalumikizidwa ndi Chipata ku Zambia. Lero munthu wa ku Golomoti, Chipoka kapena Salima alibe tikiti imene angagule kuti akatsikire mumzinda waukulu wa dziko lake. Madzi ndi amene anayambitsa ena mwa mavutowa, tikuvomereza, koma si madzi amene achedwetsa kubwerera kwa sitima kwa zaka zonsezi.

N'chifukwa chake mawu oti kupumitsa mabogi amatinyumwitsa. Kamzere katsalaka ndi komaliza konyamula anthu. Bogi limodzi likachotsedwa popanda lina lolowa m'malo, otsalawo amadzaza mopitirira, amatha msanga, nawonso n'kuchotsedwa. Mapeto ake wina adzati okwera achepa, sitima sikupindula, ndipo chitseko chidzatsekedwa popanda amene analengeza kuti akutseka.

Zoterezi zinachitikapo kwa anzathu a ku Botswana. Mu 2009 sitima yawo ya anthu inaimitsidwa mabogi atakalamba, ndipo anthu anadikira mpaka 2016, pamene mabogi 37 atsopano opangidwa ndi Transnet Engineering ya ku South Africa anagulidwa. Dziko lolemera ndi miyala ya dayamondi linakhala zaka zisanu ndi ziwiri popanda sitima ya anthu chifukwa mabogi akale anachoka atsopano asanafike. Nanga ife, amene ndalama zakunja zimatisowa ngakhale zogulira mafuta ndi feteleza, tingadikire zaka zingati?

Tikudziwa kuti ena m'maofesi amaona sitima ya anthu ngati chotsalira cha makedzana, poti pali maminibasi. Tikuwapempha akafike kumidzi ya pakati pa Shire North ndi Utale, kapena kuchigwa cha pakati pa nyanja ya Chilwa ndi Chiuta, mvula ili mkati. Kumeneko msewu umasanduka phala, kabaza wa njinga yamoto amatchula mtengo umene mlimi sangaukwanitse, ndipo thumba la nandolo kapena mpunga limangokhala pakhonde kudikira vendala wogula motchipa. Sitima ndi imene imatenga mayi ndi madengu ake a matemba kukafika nawo ku Limbe, wodwala wopita kuchipatala cha Queen Elizabeth, mwana wa sekondale ndi sutikesi yake. Pasiteshoni iliyonse pamene sitima imaima pamabadwa msika wa mphindi zochepa: chinangwa chophika, mandasi, nzimbe, tomato, nthochi, zonse kugulitsidwa kudzera pazenera. Makobidi a pazenerapo ndi amene amagula sopo ndi makope m'makomo ambiri a m'mbali mwa njanji.

Chimene chimatiwawa kwambiri n'choti njanjiyo ilipo, ndipo mbali ina ndi yolimba kuposa kale lonse. Mzere wa Nkaya mpaka Nayuchi, wa makilomita pafupifupi 100, umene unatsegulidwa mu 1970, unakonzedwanso mwamphamvu pamene kampani ya Vale inkamanga njira yonyamulira malasha kuchoka ku Moatize kupita kudoko la Nacala. Mzere watsopano unadula m'maboma a Chikwawa, Mwanza ndi Neno kudzalumikiza pa Nkaya. Anthu anasamutsidwa, minda inadulidwa pakati, ndipo usana ndi usiku sitima zazitali za malasha zimagwedeza nyumba zathu. Sitikudana ndi malashawo, dziko limapezapo kanthu. Koma ngati njanji ikutha kunyamula katundu wolemera chotere, siingalephere kunyamula mabogi angapo abwino a eni nthaka imene yadutsamo.

Njanjiyi ndi ya dziko. Mu 1999 boma linaipereka m'manja mwa kampani kuti iziyendetsa pa mgwirizano, koma silinaigulitse. Choncho mwini wake akadali Mmalawi, ndipo woyankhira Mmalawiyo ndinu, a Nduna. Zofuna zathu ndi izi.

Chachikulu pa zonse: bogi lililonse lonyamula anthu lisachotsedwe pa ntchito lina lolowa m'malo mwake lisanafike ku Limbe, kuyesedwa ndi kuyamba kuyenda. Munthu sagwetsa nyumba yakale yatsopano isanafoleredwe. Tikufuna zimenezi zilembedwe ngati lamulo lomanga aliyense woyendetsa njanji, osati lonjezo la pamsonkhano. Zikachitika kuti bogi lapezeka ndi vuto loika moyo pachiswe ndipo liyenera kuima tsiku lomwelo, woyendetsa sitima abwereke lina. Njanji yathu ndi yotalikirana mamilimita 1,067, chimodzimodzi ya ku Mozambique, Zambia, Zimbabwe, Botswana ndi South Africa, ndiye bogi loyenda kumeneko likhoza kuyenda kuno popanda kusintha mawilo.

Chachiwiri, akatswiri osadalira kampani ayendere mabogi onse, ndipo zimene apeze zilengezedwe m'Chichewa ndi m'Chiyao pawailesi ndi kumatidwa m'masiteshoni: bogi lililonse linapangidwa liti, linakonzedwa komaliza liti, latsala ndi zaka zingati. Pamodzi ndi izi tikufuna kuona ndime za mgwirizano wa boma ndi kampani zokhudza sitima ya anthu. Ndani ayenera kugula mabogi? Sitima iyenera kuyenda kangati? Kodi ndalama zimene boma limalandira kuchokera kunjanji zimagwira ntchito yanji? Ndime 37 ya malamulo oyendetsera dziko imatipatsa ufulu wodziwa zinthu zotere, ndipo lamulo lopezera nkhani zimene boma likusunga linayamba kugwira ntchito mu 2020. Sitikupempha chinsinsi cha munthu.

Chachitatu chikukhudza mabogi atsopanowo, ndipo apa tikufuna mutimve bwino. Asadzagulidwe ndi anthu amene sanakwerepo sitima ya ku Nayuchi. Bogi la mipando ya wofuwofu ndi mawindo osatseguka likhoza kukongola pa tsiku lodula riboni, koma makina oziziritsira mpweya akadzafa m'chigwa cha Shire mwezi wa Okutobala, anthu adzakomoka, ndipo wogulitsa wa pasiteshoni sadzakhalanso ndi podutsitsira malonda ake. Ife tikufuna mabogi olimba, a mawindo otseguka, a zimbudzi zokhala ndi madzi, a magetsi owala usiku kuti amayi ndi atsikana aziyenda mosaopa, ndi malo okwanira katundu, kuphatikizapo bogi lapadera la matumba, njinga ndi madengu a nsomba. Pakhale khomo limene munthu wa pa njinga ya olumala, mayi woyembekezera kapena gogo angalowere popanda kunyamulidwa, poti m'masiteshoni ambiri akumudzi munthu amakwera kuchokera pansi penipeni. Ndipo mgwirizano wogulira ukhale ndi zipangizo zosinthira za zaka zambiri ndi maphunziro a amisiri athu a ku Limbe, kuti mabogiwo asadzafe chifukwa chosowa kachitsulo kamodzi. Musanasayine, nthumwi za okwera, mafumu a m'mbali mwa njanji ndi mabungwe a anthu a ulumali aone zojambula zake ndi kunenapo maganizo.

Mabogi atsopano asadzakhale chifukwa chokwezera tikiti mpaka mlimi kulephera kukwera, kapena chodumphira masiteshoni ang'onoang'ono. Kalasi yotsika mtengo ikhalepo ndipo ikhale ndi mabogi ambiri.

Akalewo asangosowa usiku. Ndi katundu amene ali ndi mwini, ndipo alembedwe, agulitsidwe poyera ngati agulitsidwa, ndalama zake zidziwike. Tonse tikudziwa mmene msika wa zitsulo zakutha walimbikitsira kuba zipangizo za njanji. Bogi limene thupi lake likadali lolimba likhoza kukhala podikirira sitima kapena laibulale pasiteshoni yakumudzi. Limodzi lisungidwe ku Museum ya ku Chichiri, kumene kuli kale mutu wa sitima yakale yoyendera nthunzi, kuti ana adzaone zimene makolo awo ankakwera.

Chotsiriza, powerengera mabogi ofunika musawerengere mzere wa lero wokha. Ntchito yokonzanso njanji ya Marka mpaka Bangula inayambika, ndipo anthu a ku Nsanje akumva zambiri za mafuta ndi katundu wochokera ku Beira. Iwonso akufuna kudziwa tsiku limene adzakwere. Chimodzimodzi a ku Luchenza, Sandama ndi Thekerani, a ku Salima ndi Mchinji, ndi a ku Neno ndi Mwanza amene njanji inawadutsa pakhomo. Tipatseni ndondomeko yokhala ndi zaka ndi chiwerengero cha mabogi pa mzere uliwonse.

Tikupempha yankho lolembedwa pasanathe masiku 30 chilandirireni chikalata chino, liperekedwe kudzera kwa Bwanamkubwa, ndipo liwerengedwe pamsonkhano wa anthu onse pasiteshoni ya Balaka. Tikukuitaninso, a Nduna, kuti musanayankhe mudzakwere nafe kuchokera ku Limbe mpaka ku Nayuchi, m'bogi la anthu wamba, pa tsiku wamba la ulendo.

Ndife anu,

Okwera sitima, alimi ndi ochita malonda a m'mbali mwa njanji ya Limbe, Balaka ndi Nayuchi, amene mayina ndi zidindo za zala zathu zili pa mapepala ophatikizidwa.