Ndalama za kaboni: tisachulukitse mbewu pa lonjezo lokha

Pakati pa ife a ntchito ya mbewu palibe amene angavomere kuti mtundu watsopano wa chimanga ndi wobereka kwambiri asanauone utabzalidwa pambali pa mtundu wakale, m'munda umodzi, pa mvula imodzi. Malonda a kaboni alibe munda woyesera wotere. Kirediti imodzi imaimira tani imodzi ya mpweya woipa umene akuti sunapite mumlengalenga chifukwa mitengo sinadulidwe. Koma kuchuluka kwa mitengo imene ikanadulidwa n'kongoyerekeza, ndipo chiwerengerocho chikakwera, wopindula ndi wogulitsa makirediti yemweyo.

Muno mu Zimbabwe taziona zimenezi pa ntchito ya Kariba REDD+, imene inayamba mu 2011 pa malo okwana mahekitala pafupifupi 785,000 m'maboma a Binga, Nyaminyami, Hurungwe ndi Mbire. Cholinga chake chinali chabwino: kuteteza nkhalango zimene nyama zimadutsamo pakati pa malo osungirako zachilengedwe a m'chigwa cha Zambezi, ndi ndalama zochokera ku makampani akunja. Mu 2023 atolankhani anaulula kuti makirediti anachulukitsidwa. Chaka chomwecho kampani ya South Pole, imene inkawagulitsa, inatulukamo, ndipo bungwe la Verra linaimitsa ntchitoyo kuti lifufuze. Boma nalo linakhazikitsa lamulo la Statutory Instrument 150 of 2023, lopatsa boma 30 peresenti ya ndalama za malondawa.

Wina kuno ku Eiffel Flats, Kadoma kapena Chegutu angafunse kuti za ku Zambezi zikutikhudza bwanji. Zikutikhudza chifukwa nkhalango imatha kapena kupulumuka malinga ndi zochitika m'munda. Mlimi amadula mitengo munda wakale ukaguga, kapena akafuna nkhuni zoumitsira fodya, monga zilili ku Hurungwe. N'chifukwa chake ntchito zoterezi zimalonjeza ulimi wa mleranthaka, madimba ndi mbande za mitengo. Zonsezo zimafuna mbewu, ndipo mbewuzo adzabwera kudzazifuna kwa ife.

Sitikutsutsa kuti malo osungirako zachilengedwe alipiriridwe ndi ndalama za kaboni. Alonda a nkhalango amafuna malipiro, ndipo si malo onse amene amakopa alendo ngati Hwange. Chimene tikukana n'chakuti chiopsezo cha malondawa chisenzedwe ndi ife. Mlimi wochulukitsa mbewu za nandolo kapena khobwe amalowetsa ndalama miyezi yambiri wogula asanafike. Makirediti akaimitsidwa pakati pa nyengo, iye amatsala ndi matumba amene mphamvu yake yomera ikucheperachepera mwezi ndi mwezi, ngongole ikukula.

Palinso vuto lina limene sitikonda kulitchula pamisonkhano. Mbewu zogawidwa ulele, zobwera pa lole kuchokera ku Harare, zimapha sitolo ya pamudzi. Ntchitoyo ikatha, mlimi amapeza kuti pogula mbewu palibenso.

Choncho mgwirizano ulionse ulembedwe, ndipo gawo la malipiro liperekedwe tisanabzale, osadikira kuti makirediti agulidwe. Alimi alandire makuponi okagulira kwa ogulitsa a m'dera lawo, mbewu zake zikhale zovomerezedwa ndi Seed Services Institute. Ndipo wobwera ndi oda atiuze kuti ntchito yake inalembetsedwa kuti, komanso amene anawerengera mitengo imene akuti ikanadulidwa.