Pasiwedi ya Netflix: kuthyola bango limodzi n'kosiyana ndi kudzaza thumba

Kodi kuonera filimu pa akaunti ya Netflix kapena DStv ya munthu wina ndi kuba? Nkhaniyi ikabuka kuhositelo, ena amathamangira ku Eksodo 20:15, mkangano n'kuthera pomwepo. Ine ndikuona kuti tikufulumira kutchula lamulo lachisanu ndi chitatu, chonsecho lomwe ambirife timapunthwapo ndi lotsatira lake, lokhudza umboni wonama.

Eni akewo sanayambe ndi kuletsa. Mu 2017, Netflix inalemba yokha pa Twitter kuti kugawana pasiwedi ndi chikondi. Malonda atayamba kuzilala inasintha mawanga, ndipo mu May 2023 inakhwimitsa lamulo loti akaunti ndi ya anthu okhala nyumba imodzi. MultiChoice inali itatsogola kale: kuyambira March 2022, akaunti ya DStv inkaonetsa pa intaneti pa chipangizo chimodzi chokha nthawi imodzi.

Vuto lili pa mawu oti "nyumba imodzi". Ku California banja ndi anthu ogona pansi pa denga limodzi. Kwathu kuno malume amene ali ku Johannesburg amalipira fizi ya mphwawo, amatumiza ya sopo, ndipo akamupatsa pasiwedi saona kuti apatsa mlendo. Kumutcha mwanayo wakuba n'kumulakwira. Sanathyole loko, wapatsidwa kiyi ndi amene analipira.

Aliyense wokulira ku Salima amadziwa mwambo wa nyengo ya mango. Wodutsa panjira akathyola bango limodzi n'kudya, mwini mtengo sakuwa. Koma akabwera ndi thumba kuti akagulitse pa Kamuzu Road, mlandu ukathera kwa amfumu. Deuteronomo 23:24-25 akusiyanitsa momwemonso: wodutsa m'munda wa mnzake ankaloledwa kudya ndi kubudula ngala ndi dzanja, koma osanyamula m'chotengera kapena kulowetsamo zenga. N'chifukwa chake pa Mateyu 12 Afarisi sanaimbe ophunzira a Yesu mlandu wakuba. Anawadzudzula pa za Sabata.

Komabe fanizoli lili ndi polekezera, ndipo apa ndi pamene tiyenera kudziyang'ana bwino. M'munda muja chilolezo chinalipo, pamene kuno mwini munda wachichotsa. Wotsegula akaunti amadina kuvomereza malamulo (sawerenga, inde, koma wadina). Tsiku lomwe TV yafunsa ngati ili m'nyumba ya mwini akaunti, iwe n'kuimbira malume kuti akutumizire nambala ija kuti uoneke ngati uli pa ulendo chabe, wanama, ndipo wawanamitsanso iwo. Kulemera kwa kampaniyo sikusandutsa bodzalo kukhala choona. Mkhristu amene amakana kulemba mayeso pa Sabata kuti asunge lonjezo lake sangati lonjezo linali n'lamasewera chifukwa analichita ndi chala.

Tsono pali a thumba aja. Munthu amalipira akaunti imodzi n'kuidula zidutswa, kulengeza pa WhatsApp, n'kumatolera ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money kwa anthu osawadziwa n'komwe. Uku sikugawana, n'kugulitsa katundu wamwini, ndipo apa mawu oti kuba ndilibe nawo mantha. N'chimodzimodzi ndi uja wodzaza nyimbo za oimba athu m'mamemore popanda chilolezo, khalidwe lomwe bungwe la COSOMA lakhala likulimbana nalo. Wosewera filimu za ku Nigeria kapena za konkuno amadyera pa ndalama yomwe wogulitsayu wapatutsa.

Wogulanso sapindula kwenikweni. Amalipira za mwezi wathunthu, amagula bandulo, ndiye pakatha sabata pasiwedi yasinthidwa ndipo nambala ya wogulitsa sikupezekanso. Sangapite kupolisi, chifukwa funso loyamba kumeneko lidzakhala loti anagula chiyani, kwa ndani.